Funsani Azakhali: Maungu akuyoyoka, madzi achepa, nanzikambe ali mumpanda

Makalata a mwezi uno afika ndi thukuta la Okutobala. Kuno ku Zomba nakonso dzuwa likuswa mtengo, moti ndikuyankha nditakhala pansi pa mpeyala. Ndasankhapo asanu.

Azakhali, ndinadzala maungu kuseri kwa nyumba mu Ogasiti ndipo ndimathirira tsiku ndi tsiku. Ayanga bwino, nkhwani tikudya, maluwa ali mbwee. Koma timaungu tikangoyamba kukula timachita chikasu n'kugwa. Bambo a kunyumba amapopera mankhwala Loweruka lililonse m'mawa, ndiye tizilombo palibe. Kodi alipo wandichita chipongwe? — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mwana wanga, anansi anu asiyeni, sanakulakwireni. Ine ndikukayikira mpope wa Loweruka m'mawawo.

Dzungu limatulutsa maluwa amitundu iwiri. Lachimuna lili ndi phesi lalitali lowonda, ndi lija timathyola n'kuphika monga chiluwe. Lachikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Kadzungu kameneko sikangakule pokhapokha ufa wachikasu wa m'duwa lachimuna utafika m'kati mwa lachikazi, ndipo ufawo ndi wolemera, mphepo siinyamula. Amanyamula ndi njuchi. Duwa la dzungu limatseguka mbandakucha, likamafika masana latseka, ndipo silitsegukanso. Ndiye onani: nthawi yokhayo imene njuchi zili pantchito ndi imene bambo akunyamula mpope. Mankhwala ambiri amene tikugula m'timabotolo pamsika, monga cypermethrin ndi dimethoate, sasankha. Amapha mbozi, amaphanso njuchi.

Mawa lawirirani m'ma 6 koloko mukaime pamaungupo. Mukapanda kumva kulira kwa njuchi, gwirani ntchito yawo nokha. Thyolani duwa lachimuna limene langotseguka, chotsani timasamba take tachikasu, mutsale ndi kamtima ka pakati ka ufa. Kakhudzitseni mofatsa pakati pa duwa lachikazi. Limodzi lachimuna likwanira awiri kapena atatu achikazi. Pakatha masiku ochepa muona kadzungu kakufufuma m'malo mofota.

Chinthu china choti muone: tengani kadzungu kamodzi kogwa mukang'ambe. Mukapezamo mphutsi zoyera, ndiye kuti palinso ntchentche ya zipatso imene imaboola khungu n'kuikira mazira m'kati. Zogwa zonse tolani, mangani m'pepala la pulasitiki muike padzuwa, kapena mukwirire mozama. Zikasiyidwa pansi mphutsizo zimalowa m'dothi n'kutulukamo ntchentche zina.

Nkhwani nayonso muzithyola mwachifundo, tsamba limodzi kapena awiri pa mphanda. Masambawo ndi amene akudyetsa dzungu.

Bambowo muwauze mwaulemu kuti mankhwala sitipopera chifukwa lafika Loweruka. Timayamba taona chimene chikudya mbewu. Ngati ndi nsabwe za m'masamba, sopo wochapira wa mtanda, supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri pa lita imodzi ya madzi, amathandiza. Masamba a nimu osinja n'kuviika usiku wonse amathandizanso. Poperani madzulo, njuchi zitapita kokagona. Ndipo chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ana anu: mukudya nkhwani yopoperedwa sabata iliyonse. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanathyole. Werengani, chonde.

Azakhali, ndikuchita lendi ndipo malo ndi ochepa. Ndikufuna kudzala maluwa pakhonde koma apongozi anga akuti maluwa sadyedwa, ndi bwino ndidzale repu pena paliponse. Ndiwayankhe bwanji? — Mnyamata wongokwatira kumene, Chirimba, Blantyre

Apongozi musawayankhe, achimwene. Adzalireni repu wawo, maluwa anu muike m'mphepete mwa bedi. Akadzaona tomato akubereka adzakhala chete okha.

Mawu awo ali ndi nzeru, chifukwa ndiwo zakwera mtengo. Koma pakhomo popanda duwa njuchi sizizolowerapo, ndiponso tizilombo tina tabwino timene ana ake amadya nsabwe za m'masamba timafuna timadzi ta m'maluwa kuti tikhazikike. Dzalani mpendadzuwa awiri kapena atatu pakona. Dzalani zinnia ndi cosmos, sizivuta, mbewu mungopempha kwa mnansi ndipo chaka chamawa zidzamera zokha. Mpungabwi musauzule wonse ukamera, maluwa ake njuchi zimawakonda zedi. Mpiru wina musiyeni achite maluwa, mudzapezanso mbewu. Ndipo ngati apongozi akufunadi duwa lodyedwa, chidede chilipo: masamba ndi ndiwo, zikhokho zake zofiira n'zothira m'madzi otentha kumwa.

Za marigold ndinenepo pang'ono chifukwa anthu amamutama mopitirira. N'zoona kuti mizu yake imachepetsa timinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya tomato ndi therere. Koma si kungodzala tsinde limodzi apa lina apo. Bedi limene mwazula tomato wa mizu ya timfundotimfundo, lidzazeni marigold yekhayekha miyezi iwiri kapena itatu, kenako mubwezeremo ndiwo.

Awiri okha ndikukuletsani. Lantana, wa timaluwa tosakaniza mitundu uja, amafalikira ndi mbalame ndipo wawononga kale malo ambiri odyetsera ziweto. Oleander ndi wokongola koma tsamba, duwa ndi utomoni wake zonse ndi poizoni, sayenera pakhomo pamene padzakhale ana okwawa.

Azakhali, kuno kutentha kwanyanya. Mpiru ukungothamangira kuchita maluwa, tomato akuyoyola maluwa, ndipo madzi timachita kugula pa kiyosiki. Ndingosiya mpaka mvula? — Bambo wopuma pantchito, Balaka

Musasiye bambo, sinthani mbewu. Mpiru, repu, tchainizi ndi kabichi ndi ndiwo za nyengo yozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Kuzikakamiza mu Okutobala ku Balaka n'kutaya madzi ogula. Tomato naye kutentha kukapitirira madigiri 32 mpaka 35 ufa wa m'maluwa ake umawonongeka, duwa n'kugwa lisanagwire. Si matenda ayi.

Nyengo ino ndi ya ndiwo zathu zamakolo. Bonongwe mukafesa lero, pakatha masabata atatu kapena anayi mwayamba kuthyola. Therere lobala limakondwa ndi dzuwa lomweli. Chitambe, kholowa, luni, mabilinganya ndi kambuzi zonse zimapirira. Mukakhala ndi mtengo wa chamwamba pakhomo, ndiwo simungasowe.

Pamadzi, chepetsani dimba. Mabedi awiri osamalika aposa asanu ndi limodzi ofota. M'chilimwe bedi likhale lolowa pansi kuti madzi asathawe, mvula ikadzayamba mudzalikweze. Phimbirani ndi udzu wouma kapena makoko a mtedza mochindikala ngati chikhatho, koma zisakhudze tsinde chifukwa cha chiswe. Thirirani madzulo, patsinde, mokwanira kuti madzi alowe pansi. Kuwaza pang'onopang'ono pamwamba kumangoitana mizu kuti ikwere kumene kukutentha. Botolo la malita awiri loboola timabowo kunsi, lokwiriridwa pafupi ndi tsinde la tomato, limatsitsa madzi kumizu kwenikweniko. Kamthunzi ka udzu wapatalipatali kotchinga dzuwa la masana kamapulumutsa maluwa ambiri.

Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo asatayidwe, apite kubedi. Osamba ndi ochapira apite pa nthochi, papaya ndi mandimu. Amene mwathiramo mankhwala oyeretsera zovala, amenewo ayi.

Azakhali, mumpanda wathu wa hibiscus mwadzaza ananzikambe, ndipo madzulo achule amabwera pamene timathirira. Agogo anatiuza kuti nanzikambe akakuluma bala lake silipola. Ana anga amawagenda. Pali mankhwala owathamangitsira? — Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

Alipo amene akanalipira ndalama kuti akhale ndi mpanda ngati wanuwo, mayi. Anawo aletseni lero lomwe.

Tonse tinakula ndi nthano za nanzikambe, inenso agogo anandiuza zomwezo, ndipo sindiwanyoza. Koma nanzikambe alibe ululu. Akamayasamula kukamwa, kudzitukumula ndi kuda thupi, ndi mantha chabe, akupempha kuti mumusiye. Chakudya chake ndi ziwala, ntchentche, mbozi ndi tizilombo tina timene tikanadya ndiwo zanu. Ine ndikamuona pa nthambi ya mgwafa ndimaima kumuyang'ana mmene diso lina likuyang'ana kutsogolo lina kumbuyo, kenako lilime lija n'kutuluka kamodzi, chiwala chapita. Itanani anawo aone zimenezi. Mwana amene waonapo nanzikambe akusaka sagendanso. Auzeninso kuti pa phiri la Mulanje pali mitundu ya ananzikambe imene sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo ikutha pamodzi ndi nkhalango.

Achule nawo ndi alonda ausiku. Mbozi zimene zimadula mbande patsinde zimatuluka kukada, nthawi yomwe chule ali maso. Muikireni phale la mphika wosweka, lovundikira, pamthunzi ponyowa. Abuluzi, gulo ndi chiswamphika onse ali mbali yanu. Apumbwa adzakujomphani papaya ndi tomato wakupsa, zimenezo sindikana. Thyolani tomato akangoyamba kufiira akapsere m'nyumba. Ikaninso mbale yosazama ya madzi, muikemo timiyala kuti njuchi zipeze potera. M'chilimwe mbalame zina zimajompha tomato chifukwa cha ludzu. Madziwo muzisintha pakapita masiku awiri kapena atatu, chifukwa nyengo yotentha udzudzu umatha kuswana m'sabata imodzi yokha.

Pamene pali achule njoka imatha kufika, ndipo apa sindikunyengererani. Zambiri za pakhomo zimangofuna mbewa ndi achule, koma mphiri ndi mamba ziliko. Tchetchani udzu m'njira, milu ya njerwa ndi nkhuni ikhale kutali ndi khomo, usiku yendani ndi tochi, ndipo ana asapise dzanja m'maenje. Wina akalumidwa, thamangirani kuchipatala osatema mphini kapena kumanga chingwe.

Azakhali, papaya wanga watalika kuposa denga, amangochita maluwa olendewera koma osabereka. Anzanga akuti ndimukhome msomali. — Mtsikana wa ku sekondale, Dedza

Msomaliwo sunga, mwanawe, ukagwire ntchito ina. Papaya wakoyo ndi wamwamuna: maluwa ake amakhala ambirimbiri pa timapesi tatitali, pomwe wamkazi amakhala ndi duwa lalikulu lomamatira kuthunthu. Ngati pafupi pali apapaya aakazi, musiye, akuwathandiza kubereka. Mvula ikayamba udzale mbewu zitatu kapena zinayi paphando limodzi. Zikadzachita maluwa udzasiye waukazi wamphamvu, enawo udzadule. Kwanu ku Dedza kumazizira, choncho sankha malo a dzuwa, otetezeka ku mphepo ya mu Juni, ndipo posadikha madzi chifukwa mizu ya papaya imawola msanga.