Mwana akanena kuti "Ndinapemphera koma agogo anamwalira"

Mayi wina wa ku Kapata, muno mu Chipata, watilembera imelo. Ali ndi ana awiri, wa zaka 5 ndi wa zaka 9. Wamng'ono amagona pemphero la madzulo lisanathe. Wamkulu anasiya kupemphera chimwalirireni agogo ake, akuti anawapempherera koma sanachire. Mayiyu akufunsa chochita.

Amayi, za wamng'onoyo n'zosavuta. Mwana wa zaka 5 amene wakhuta nsima sangapirire mphindi 20 ali chigwadire. Pempherani naye akangosamba, asanadye, mphindi ziwiri kapena zitatu basi, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Mufunseni chimene akuthokoza lero, chimene walakwa, ndi amene akufuna kumupempherera. Akatchula mbuzi yodwala musaseke, chifukwa akachita manyazi kamodzi adzatseka pakamwa. Pemphero la Ambuye, la pa Mateyu 6:9-13, muzimuphunzitsa mzere umodzi pa sabata, mukumasulira. Ana ambiri amaloweza "dzina lanu liyeretsedwe" osadziwa chimene akunena.

Nkhani ya wamkuluyo ndiye yofunika kuidekhera. Chonde musamuuze kuti chikhulupiriro chake chinachepa. Mawu amenewo amasenzetsa mwana imfa ya agogo ake. Musanenenso kuti Mulungu anawatenga chifukwa ankawakonda, poti mwana amayamba kuopa kuti inunso mutengedwa mawa, ndipo amaona Mulungu ngati wolanda.

Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi ife akulu. Timaphunzitsa ana kuti ukapempha ulandira, osawauza kuti ngakhale okondedwa a Mulungu anakanizidwapo. Khalani naye awiriwiri, muwerenge 2 Akorinto 12:8-9, pamene Paulo anapempha katatu kuti munga umuchoke koma sunachoke. Tsiku lina muwerenge Mateyu 26:39, Yesu ali m'Getsemane. Kenaka Salimo 13, limene Davide akufunsa Mulungu kuti adzamuiwala mpaka liti. Mwana aone yekha kuti kudandaula pamaso pa Mulungu ndi pempheronso, si mwano.

Musamukakamize kutsogolera pemphero. Angokhala nanu pamphasa, inu muzipemphera mokweza, mukutchula agogo ndi kuthokoza zimene anawachitira anawo. Mukalira, lirani, sizimuwononga. Pakapita masabata angapo mupatseni kope loti azilembamo zimene akufuna kuuza Mulungu, ndipo musaliwerenge popanda chilolezo chake.

China chimene chimaononga kwambiri ndi kusandutsa pemphero kukhala chilango, kugwaditsa mwana wolakwa n'kumuuza kuti apemphere. Zimenezo zithe.

Mudziwitseni mphunzitsi wake wa Sande sukulu ngati muli a RCZ (Reformed Church in Zambia) kapena mpingo wina, kapena katekisiti ndi a mphakati ngati ndinu Akatolika, kuti asamuloze pagulu kuti apemphere. Ngati papita miyezi akulepherabe kugona, kudya kapena kupita kusukulu, pitani naye kuchipatala akamuone.