Munthu uja anaperekeza Rambo ku Afghanistan ndi Sasson Gabai

Achimwene, imelo yanu ndaiwerenga. Mukuti nkhope ya amalume a ku Antwerp, m'dziko la Belgium, a mu Shtisel, sewero la pa TV la ku Israel, ikufanana ndi ya munthu uja anatsogolera Rambo m'mapiri, ndipo mukufuna kudziwa ngati ndi munthu mmodzi. Koma chandikhudza ndi kachiganizo kanu komaliza, koti kugulu kwanu kwa zisudzo amangokupatsani mbali ya mlonda kapena ya malume, ndiye mukuona ngati mukungotaya nthawi poti simunakhalepo mwini filimu.

Maso anu sanakunamizeni. Munthuyo ndi Sasson Gabai, ena amalemba Gabay, choncho pofufuza pa intaneti yesani zonse ziwiri. Si wa ku Afghanistan ayi. Anabadwira ku Baghdad, m'dziko la Iraq, mu 1947, m'banja la Chiyuda, ndipo akadali kamwana makolo ake anasamukira naye ku Israel. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pamene Ayuda a ku Iraq oposa 100,000 anachoka m'dzikolo pandege. Zisudzo anaphunzira pa yunivesite ya Tel Aviv, kenako anasewera pasiteji m'nyumba zikuluzikulu za zisudzo monga Khan ku Jerusalem, komanso Cameri ndi Beit Lessin ku Tel Aviv. Mmene makamera a anthu akunja ankamupeza n'kuti ali kale mkhalakale pasiteji.

Rambo III inatuluka mu 1988, Gabai ali ndi zaka 40. Ambiri kuno anaionera m'mavidiyo sho, ena ndi mawu a Chichewa oikidwa pamwamba, ndipo pa benchi paja aliyense amadikira Stallone basi. Gabai ndiye Mousa, wogulitsa zida ku Peshawar, m'dziko la Pakistan, amene amamupatsa Rambo katundu, n'kumuwolotsa malire, n'kukamuonetsa kwa asilikali a m'mudzi. Mukaionanso filimuyi muone ntchito imene Mousa wasenza. Rambo sayankhula zambiri, ndiye pafunika wina woti atiuze kuti dzikoli ndi lotani, anthu ake ndi otani, linga la asilikali a Soviet Union lili kuti ndipo n'kovuta bwanji kulowamo. Zonsezo zimatuluka pakamwa pa Mousa. Mbali yotereyi ndi yovuta kuposa mmene imaonekera, chifukwa ukangolakwitsa pang'ono umamveka ngati mphunzitsi akuwerenga m'buku. Gabai amanena mawuwo ngati munthu amene akudera nkhawa mlendo wake, ndipo woonera sazindikira n'komwe kuti akuphunzitsidwa.

Chifukwa chimene M-israeli anakhalira Mousa n'chosavuta. Gawo lalikulu la filimuyo linajambulidwa m'chipululu cha ku Israel, zina ku Thailand ndi ku Arizona. Mtsogoleri wa asilikali a m'mudzi, Masoud, anaseweredwa ndi Spiros Focás wa ku Greece, ndipo mkulu wa asilikali a Soviet, Zaysen, anali Marc de Jonge wa ku France. M'zaka zimenezo makampani a ku America ankakonda kujambulira ku Israel nkhani za ku Middle East, monga The Delta Force ya 1986. Ankabwera ndi akatswiri awo a mayina, mbali zotsalazo n'kugawira eni dziko. Mu 1991 Gabai anakhalanso Hamid mu Not Without My Daughter, mwini sitolo wa ku Tehran amene amalola mayi wa ku America, woseweredwa ndi Sally Field, kuimba foni mobisa.

Apa ndinene mosabisa kuti Hollywood sinamugwiritse ntchito bwino munthuyu. Inaona khungu, mphuno ndi katchulidwe ka mawu, n'kumuika m'thumba limodzi la "anthu a kumeneko", lero wa ku Afghanistan, mawa wa ku Iran. Vutoli linaliponso kwawo komwe. Ku Israel kunali mtundu wa mafilimu otchedwa bourekas, dzina lochokera ku chakudya chophikidwa ndi ufa wa tirigu, otchuka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, mmene Myuda wochokera m'mayiko a Aluya ankaonetsedwa ngati munthu wosauka, wa phokoso, wochenjera mwa kumudzi. Sallah Shabati ya 1964 ndiyo inatsegula njira imeneyo, ndipo mbali yaikulu anasewera ndi Chaim Topol, yemwe makolo ake sanali a m'mayiko a Aluya n'komwe. Mwana wa ku Baghdad wofuna kukhala katswiri wa zisudzo anakulira m'dziko limene nkhope ngati yake inali italemberedwa kale mbali.

Filimu imene inasintha zinthu ndi The Band's Visit ya 2007, yotsogoleredwa ndi Eran Kolirin. Amuna 8 a bandi ya apolisi ya ku Alexandria, m'dziko la Egypt, afika ku Israel atavala yunifolomu ya buluu woyera, kudzaimba potsegulira nyumba ya chikhalidwe cha Aluya ku Petah Tikva. Pabwalo la ndege palibe wodzawachingamira. Chiarabu chilibe liwu la P, ndiye pofunsa basi dzina litembenuka, n'kupezeka atsikira m'katauni ka m'chipululu kotchedwa Bet Hatikva, komwe kulibe hotela ndipo basi ina ibwera mawa. Gabai ndiye Tawfiq, mkulu wa bandiyo, munthu wouma khosi, woima nji ngati wameza ndodo, amene kupempha buledi kwa mayi wa lesitilanti, Dina, kumamupweteka kuposa njalayo.

Pali malo amodzi amene ndikufuna muwaonere mwachifatse. Usiku Dina, woseweredwa ndi Ronit Elkabetz, wakhala ndi Tawfiq pabenchi, ndipo amufunsa mmene zimamvekera kutsogolera bandi. Tawfiq asowa mawu a Chingerezi. Akweza manja pang'onopang'ono, n'kuwayendetsa mumphepo ngati oimba ali patsogolo pake, kopanda chida chilichonse cholira. Mapewa aja anali ouma chiyambire filimu amasuka pang'ono, nkhope ifewa. Pambuyo pake ndi pamene aulula za mwana wake wamwamuna amene anadzipha chifukwa iye bambo anamuumira mtima, ndi za mkazi wake amene anamwalira ndi chisoni. Salira, sakweza mawu. Luso limeneli silinagwe kumwamba tsiku limenelo. Ndi la munthu amene kwa zaka zambiri ankapatsidwa mphindi zochepa pakamera, n'kuphunzira kuika munthu wathunthu m'mphindi zimenezo.

Chiyankhulo nachonso chinali ntchito. Chiarabu cha ku Baghdad n'chosiyana ndi cha ku Egypt, ndipo Tawfiq amayenera kumveka ngati wa ku Alexandria, ngakhale poyankhula Chingerezi chothyoka. Chingerezi chomwecho ndicho chinaipweteka filimuyi. Inapambana mphoto 8 za Ophir, zomwe ndi mphoto zazikulu za mafilimu ku Israel, ndipo inayenera kukaimira dzikolo ku Oscar. A ku Oscar anaikana ponena kuti mawu oposa theka ndi a Chingerezi, choncho si filimu ya chiyankhulo chakunja, ndipo m'malo mwake kunapita Beaufort. Chigamulo chimenechi ndimachiona kuti chinali chosaganiza bwino, pakuti nkhani yonse yagona pa anthu a mitundu iwiri amene akukakamizika kukumana m'chiyankhulo cha eni ake. Komabe Gabai anatenga mphoto ya Ophir, ndipo kumapeto kwa 2007 anatenganso ya European Film Award ya mwamuna wosewera bwino koposa. N'kuti atangokwanitsa zaka 60.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti atatchuka sanayambe kunyoza mbali zothandizira. Mu 2011 anali mwini filimu mu Le Cochon de Gaza, msodzi wosauka wa ku Gaza amene akola nkhumba mu ukonde wake. Koma mu 2014 anabwerera pambali mu Gett, nkhani ya mayi amene wakhala zaka 5 akupempha kalata ya chisudzulo m'bwalo la atsogoleri a chipembedzo cha Chiyuda, pakuti ku Israel ukwati wa Ayuda umathera m'bwalo la chipembedzo ndipo mwamuna ndiye ayenera kupereka kalatayo. Gabai ndi Shimon, mchimwene wa mwamunayo, amene akumuyankhulira pamlandu. Pafupifupi filimu yonse ili m'chipinda chimodzi cha makoma oyera, moti chida chake ndi mawu, maso ndi kakhalidwe ka pampando. Mu Shtisel, imene mwaonayo, ndi Nuchem, mbale wake wa Shulem (bambo wa banja la mu sewerolo), wochokera ku Antwerp, wokonda ndalama ndi wakuthwa pakamwa, ndipo apa mwana wa ku Baghdad uja akutchula mawu a Chiyidishi cha Ayuda a ku Ulaya. Anthu anamukonda Nuchem mpaka anamupangira sewero lakelake la pa TV lotchedwa Kugel. Mu 2018, ali ndi zaka 70, anakaseweranso Tawfiq pasiteji ya Broadway ku New York, polowa m'malo mwa Tony Shalhoub.

Nanga za mbali yanu ya mlonda

Yambani ndi The Band's Visit, siifika ola ndi theka. Kenako Gett, ndiye mubwerere ku Rambo III. Sankhani malo amodzi a mphindi 2 kapena 3, muwaonere katatu: koyamba monga mwa masiku onse, kachiwiri mutatseka mawu, kachitatu mukuyang'ana Gabai yekha nthawi imene wina ndiye akuyankhula. Mudzaona kuti sangodikira mzere wake, amamva zimene mnzake akunena ndipo nkhope imayankha pakamwa pasanatseguke. Ambiri osewera mbali zing'onozing'ono amagwera pomwepa. Nkhope imakhala yakufa mpaka nthawi yawo ikwane, ndipo wodula filimu amawachotsa chifukwa palibe choonetsa.

Cholakwika china ndi kufuna kuoneka mokakamiza: kutsimphina, kusisita ndevu, kusintha mawu, zonse pa munthu mmodzi. Sankhani chizolowezi chimodzi chokha, monga mmene mlondayo amagwirira tochi, ndipo mudziwe chimene akufuna pa malo amenewo, kaya ndi kuweruka msanga kapena kuopa abwana. Ngati mukuchokera pasiteji, tsitsani mawu ndi manja, pakuti kamera ili pafupi ndipo imakulitsa chilichonse. Mukamajambula malo amodzi kangapo, kapu ikhale m'dzanja lomwelo ndipo muimwe pa liwu lomwelo, apo ayi zidutswazo sizilumikizana. Mukapatsidwa munthu wa chiyankhulo china, kaya Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena, pezani mwini chiyankhulocho akujambulireni mizere yanu pafoni kawiri, koyamba pang'onopang'ono, kachiwiri mwa liwiro la masiku onse, ndipo muzimvetsera mpaka tsiku lojambula.