Chimbale cha masiku asanu: If You're Feeling Sinister ndi funso la mawu otsika

Wowerenga wina watumiza imelo iyi: "Ndamvera chimbale cha Belle and Sebastian chotchedwa If You're Feeling Sinister chifukwa anthu amachitama kwambiri. Koma woimba akumveka ngati akunong'ona, ng'oma zilibe mphamvu, ndipo chikabwera pambuyo pa nyimbo za masiku ano ndimachita kukweza voliyumu. Kodi chinajambulidwa molakwika? Ngati ndi choncho, olemba ndemanga amachikonderanji? Ifenso tili ndi kagulu ka anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndalama zathu zikungokwana masiku ochepa mu situdiyo."

Makutu anu sakukunamizani. Ngakhale Stuart Murdoch, woimba wamkulu wa gululi amene analemba nyimbo zonse khumi za m'chimbalechi, ananenapo kuti nyimbozo n'zabwino koma kajambulidwe kake sikanamufike pamtima. N'chifukwa chake mu Seputembala 2005 gululi linaimba chimbale chonsecho pamaso pa anthu ku holo ya Barbican, mu London, n'kutulutsa zomwe linajambula usiku umenewo. Mukafuna kumva kusiyana kwa nyimbo ndi kajambulidwe, mverani ziwirizi motsatizana.

Tiyambe ndi nthawi. Gululi linayambika ku Glasgow, ku Scotland, mu 1996. Chimbale chawo choyamba, Tigermilk, chinatuluka pakati pa chaka chomwecho kudzera ku Electric Honey, kakampani ka nyimbo koyendetsedwa ndi ophunzira a ku Stow College, ndipo anangodinda mbale za vinyl 1,000. Chisanathe chaka anabwereranso ku situdiyo ya CaVa, nyumba yomwe kale inali tchalitchi, n'kujambula chimbale chachiwirichi ndi katswiri wojambula nyimbo Tony Doogan. Kujambula kunatenga masiku asanu, kumikisa (kusakaniza ndi kulinganiza mawu a zida zonse) masiku atatu, ndipo kampani ya Jeepster inachitulutsa pa 18 Novembala 1996. Werengetsani nokha: nyimbo khumi m'masiku asanu ndi nyimbo ziwiri patsiku, pamene pali gitala, besi, ng'oma, piyano, vayolini, chelo ndi lipenga. Mpata woti aliyense abwereze gawo lake kakhumi palibe. Chinawapulumutsa n'chakuti anafika atakonzeka. Murdoch ankasamalira holo ya tchalitchi ku Hyndland, mu Glasgow momwemo, ndipo gulu linkayeserera momwemo, choncho ndalama za situdiyo sizinathere pokangana kuti kolasi ilowe pati.

Tsono vuto la mawu otsika. Ili ndi lomwe lidzakupezani inunso ngati woimba wanu ndi wofatsa pakhosi. Anthu akamaimbira pamodzi m'chipinda chimodzi, maikolofoni ya woimba sitola mawu ake okha. Imatolanso sineya (ng'oma yaing'ono yolira mothetheka) ndi masimbale a ng'oma. Woimba akakhala wa mawu ofewa mumakweza gain (mphamvu yomwe maikolofoni imatolera mawu) kuti amveke, ndipo ng'oma zimakwera naye limodzi. Pomikisa mumapezeka muli pa mphanda: mukakweza woimba, masimbale akulasa m'makutu, mukatsitsa ng'oma zenizeni kuti zisachuluke, zotsala ndi ng'oma zolowerera zija, zomwe zimamveka zakutali ndi zopanda thupi. Apa ndi pamene pamachokera kamvekedwe kopyapyala m'zimbale zambiri zojambulidwa mothamanga.

Mankhwala ake sadula. Maikolofoni ya mtundu wa cardioid imatola mawu a kutsogolo ndipo simva bwino kumbuyo kwake, ndiye woimba ayang'anizane ndi woimba ng'oma kuti msana wa maikolofoni uloze ku ng'omazo. Pakamwa pakhale masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pa maikolofoni, osapitirira. Pakati pa awiriwo imikani matiresi kapena mabulangete okhuthala. Woimba ng'oma asiye timitengo tolemera, atenge topepuka kapena maburashi, ndipo aphunzire kumenya masimbale mosaonetsera mphamvu (ichi ndiye chovuta kuposa zonse, pakuti oimba ng'oma ambiri amachimva ngati chipongwe). Ngati zakanika, jambulani zida zonse pamodzi woimba akungotsogolera chapansipansi, kenako mawu enieni muwajambule payekha madzulo.

Pali chinanso chobisika, cha phase. Maikolofoni ziwiri zikamatola gitala imodzi pa mitunda yosiyana, mawu amafika pa nthawi zosiyana pang'ono, ndipo pophatikiza ena amafafanizana. Gitala imamveka ngati ikulira m'chitini. Lamulo lakale ndi la 3 kwa 1: ngati maikolofoni ili masentimita 30 kuchokera pa chida chake, inzake ikhale osachepera masentimita 90 kuchokera pa iyo. Musanayambe kujambula, mverani zonse mu mono, kutanthauza mawu a kumanzere ndi kumanja ataphatikizidwa pamodzi. Chomwe chazimiririka mu mono chili ndi vuto, ndipo kusuntha maikolofoni tsopano n'kosavuta kuposa kulimbana nacho pa kompyuta mawa.

Gitala yosalumikiza ku magetsi, piyano ndi chelo zimakonda kuunjikana pakati pa 200 ndi 500 Hz (muyeso wa kukula kapena kuning'a kwa liwu), pomwenso pali thupi la mawu a mwamuna. Musathamangire EQ, chida chodulira kapena kukwezera mbali zina za mawu. Yambani ndi kugawana malo: wa piyano akwere ku manoti a kumanja, chelo ilowe pamene woimba wapuma. Kenako dulani zonse za pansi pa 80 kapena 100 Hz pa chilichonse chomwe si besi kapena ng'oma yaikulu. Pojambula mu 24-bit, mawu azifika cha pa -12 dBFS (pa mita ya pa kompyuta, pomwe ziro ndiye malire a pamwamba) pamene akwera kwambiri; kukankhira kufupi ndi ziro sikuwonjezera kanthu koma chiopsezo choti ang'ambike.

Za voliyumu musadandaule nazo kwenikweni. Nyimbo zambiri za lero zimafinyidwa ndi limiter (chida chopanikiza mawu okwera) pa mastering, gawo lomaliza lokonza nyimbo, kuti zimveke zaphokoso kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chimbalechi sichinafinyidwe choncho, ndiye nyimbo ikayamba ndi gitala imodzi n'kumakula pang'onopang'ono, kukulako kumamvekadi. Masiku ano Spotify imalinganiza nyimbo kufika cha pa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa voliyumu), kutanthauza kuti wofinya kwambiri amangotsitsidwa, n'kutsala ndi nyimbo yopanda mpweya.

Nanga olemba ndemanga? Choyamba, mbiri ya chimbalechi inayenda ngati moto wa pansi pa udzu. Sanatulutsemo single (nyimbo yotulutsidwa payokha) ngakhale imodzi. Gululi linkakana kufunsidwa mafunso ndi atolankhani, ndipo pa zithunzi zotsatsira nthawi zambiri pankakhala anzawo m'malo mwa iwo eni. Amene anathandiza anali owulutsa mawu a pa BBC Radio 1 monga Mark Radcliffe ndi John Peel, komanso okonda gululi amene ankapatsirana matepi ndi kulemberana pa intaneti. Kumbukirani kuti nthawiyo ku Britain kunali Britpop, magitala aphokoso ndi oimba odzitama. Mawu onong'ona osimba za ana asukulu, anthu osungulumwa ndi okayika pa chikhulupiriro anamveka ngati chinthu chatsopano chifukwa cha kufatsa komweko mukukudandaulako. Olemba ndemanga ankatama mawu a nyimbo ndi kaimbidwe kake; za kamvekedwe ka sineya sankazilabadira. Mu 2003 Pitchfork, webusaiti younika nyimbo, inaika chimbalechi pa nambala 14 pa zimbale 100 zabwino za m'zaka za m'ma 1990.

Koma musawakhulupirire kwambiri anthu amenewa. Chimbale chotsatira, The Boy with the Arab Strap cha 1998, chomwe chinafika pa nambala 12 ku Britain, Pitchfork yomweyo inachipatsa 0.8 pa 10. Patatha zaka makumi awiri, mu 2018, inachiunikanso n'kuchipatsa 8.5. Palibe noti imodzi yomwe inasintha m'chimbalemo. Pakatikati apo, mu 1999, gululi linapata mphoto ya nyimbo ya ku Britain yotchedwa BRIT ya oimba atsopano, kugonjetsa gulu la Steps, pa mavoti a omvera, pamene linali ndi zimbale zitatu kale.

Pa masiku anu ochepawo ndingagawe chonchi. Theka la tsiku loyamba lipite pa kuika maikolofoni ndi kumvera mu mono, osajambula kanthu kosunga. Nyimbo iliyonse muibwereze katatu kapena kanayi. Ikakana, pitani pa ina, mudzabwerera mutapuma. Zingwe za magitala musinthe masiku awiri chisanafike tsiku, kuti zikhale zitakhazikika, ndipo muzichuna musanayambe ulendo uliwonse wojambula. Mawu a woimba musawasiyire tsiku lomaliza onse, chifukwa khosi limatopa pakatha maola awiri kapena atatu. Jambulani mawu a nyimbo ziwiri madzulo aliwonse. Ndipo ngati ndalama zikukwana masiku asanu okha, musatengeko nyimbo khumi. Tengani zisanu ndi imodzi, masiku atatu ojambula, awiri omikisa.