Kodi anyamata a Zamrock ankangotengera azungu?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Chawama. Akuti anamva mawu a Chinyanja m'nyimbo ya Tyler, the Creator yotchedwa "Noid", imene inatuluka mu 2024. Atafufuza anapeza kuti mawuwo anatengedwa m'nyimbo ya Ngozi Family, gulu la kuno ku Lusaka la zaka za m'ma 1970, limodzi mwa magulu a Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia za nthawi imeneyo. Ndiye akufunsa kuti: kodi magulu amenewa anali ndi kaimbidwe kawokawo, kapena ankangotengera Jimi Hendrix ndi Rolling Stones? Nanga ngati analidi akatswiri, zatheka bwanji kuti iye wobadwira mu Lusaka momwemuno awadziwire kwa munthu wa ku America?

Aphwanga, kutengera anatengeradi, ndipo iwo eni sankabisa. Emmanuel Chanda, woimba wa gulu la WITCH, amadziwika ndi dzina lakuti Jagari chifukwa anthu ankamufanizira ndi Mick Jagger wa Rolling Stones poona mmene ankadumphira pa siteji. Paul Ngozi ankaliza gitala ndi mano, chinthu chimene dziko lonse linachidziwira kwa Hendrix. Koma mukangomvera gitala yokha mudzanyengeka. Tcherani khutu pansi pake, pamene pali ng'oma ndi bezi. Pamenepo mpamene mudzamve kuti oimbawa anakulira m'makomboni mwathu, akumva ng'oma za pa ukwati, za pa chinamwali ndi za m'mabala, kenako n'kudzagwira gitala yamagetsi ali kale ndi zimenezo m'thupi.

Musanaweruze, dziwani kaye kumene nyimbozi zinabadwira. Zambia italandira ufulu mu 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino, ndipo ku Kopala, chigawo cha migodi ya mkuwa, kunali ndalama. Makampani a migodi anali ndi maholo ndi makalabu osangalalira antchito awo ku Kitwe, Chingola, Mufulira ndi Luanshya, ndipo malo amenewo ankafuna mabandi Lachisanu ndi Loweruka lililonse. Mnyamata wodziwa gitala ankatha kudya ndi luso lakelo, bola azitha kuimba nyimbo zakunja zimene anthu ankazimva pa wailesi. Cha pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Cholinga chawo chinali kuteteza chikhalidwe. Sindikukhulupirira kuti a Kaunda ankaganizira za anyamata a tsitsi lanyankhalala ndi nsapato zazitali zidendene, koma lamulolo linapindulira iwowo, pakuti wailesi inasowa nyimbo zodzazira maola onsewo. Ku Ndola kunali Teal Record Company imene inkadinda zimbale, kunalinso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo imene inkatulutsa nyimbo za magulu ambiri. Kuno ku Lusaka ambiri ankajambulira ku dB Studios.

Anthu amalakwitsa pomatchula Zamrock ngati kuti ndi kaimbidwe kamodzi. Magulu anayi okha akukwanirani kuti muone kusiyana kwake.

WITCH, dzina limene limaimira We Intend To Cause Havoc, inayambira ku Kitwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Chimbale chawo choyamba, Introduction, ndicho chingakupatseni mphamvu pa mlandu wanu wa kutengera: Chingerezi, kaimbidwe kosapsa bwino, ndipo mukumva kuti anyamatawa amvetsera kwambiri Rolling Stones. Koma musaime pomwepo. Pofika pa Lazy Bones!! mu 1975, magitala a Chris Mbewe ndi John Muma anali atapeza njira yawo, ndipo Boidi Sinkala pa ng'oma ndi Gedeon Mulenga pa bezi ankagunda mwa mtundu wina umene sungapezeke pa chimbale cha ku London. Pa Lukombo Vibes, ya 1976, anatembenukira kwambiri ku ng'oma za kuno. Gulu limeneli linasintha khungu kangapo, mpaka pofika 1980 linali kuimba disco, Jagari atachoka kale kukaphunzira uphunzitsi.

Amanaz, nawonso a ku Kitwe, anatulutsa chimbale chimodzi chokha, Africa, mu 1975. Awa ndi ofatsa. Nyimbo yawo "Khala My Friend" imayenda pang'onopang'ono, mawu ali pansi, gitala ikungolira chapatali. Ndi chimbale chomvera usiku muli nokha, osati chovinira. Chinatuluka m'mitundu iwiri yosakanizidwa mosiyana, china mawu ake ouma, china omveka ngati akuimbira m'chipinda chachikulu chopanda kanthu, ndipo okonda zimbale amakangana mpaka lero kuti chabwino n'chiti. Ine ndimakonda chouma chija.

Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga inapita kukakhala ku Nairobi, ndipo Wings of Africa ya 1975 ili ndi malipenga, kalimba ndi ng'oma zamanja zambiri. Mukaimva simungaganize za Hendrix, mungaganize msanga za Osibisa, gulu la ku London la oimba ochokera ku Africa ndi ku Caribbean. Rikki ataima payekha anapepukitsa kaimbidwe, n'kumatsamira pa gitala yopanda magetsi ndi mawu a nyimbo.

Koma inu poti ndinu wa ku Chawama, yambani ndi Paul Ngozi, ndipo apa ndichedwapo. Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949, anaimbako ndi Musi-O-Tunya, kenako anayambitsa Ngozi Family, gulu laling'ono: iye pa gitala, Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma, ndi munthu mmodzi pa bezi. Anthu atatu basi, koma phokoso lake ngati chigayo cha dizilo. Gitala yake inkadutsa m'kachipangizo kotchedwa fuzz kamene kamaichititsa kulira mosasa, ndipo Paul ankakatsegula mopanda chisoni. Kawirikawiri sankathamangira kuonetsa luso la zala. Ankagwira kachigawo kamodzi kafupi, n'kumakabwereza mobwerezabwereza, Chrissy akuponda ng'oma molemera pansi pake, mpaka mutu wa womvera uyambe kugwedera wokha. Kubwereza kotereku si kwa Hendrix ayi. Ndi mmene ng'oma zathu zimachitira pa bwalo, ndipo ndi mmene kalindula, nyimbo zovina za kuno ku Zambia, anadzachitira pambuyo pake.

Ndiye pali mawu. Pa Day of Judgement, chimbale cha 1976, muli nyimbo za Chingerezi, komanso muli "Kumanda Kwa Bambo Wanga" ndi "Tikondane". Pa 45,000 Volts, cha 1977, ndi pamene pali "Nizakupanga Ngozi" imene mwaimva kwa Tyler. Chinyanja chake ndi cha m'tauni, chimene mumalankhula inu pa Soweto Market, osati cha m'buku la kusukulu. Ndipo zimene ankaimba ndi za m'komboni: maliro, umphawi, miseche, makolo otaya ana chifukwa cha mowa, kudzudzula ndi kulangiza. Chimbale china anachitcha The Ghetto. Magulu a ku Britain amene ankawamvera sankaimba za kumanda kwa bambo awo mwanjira imeneyo. Kuno woimba amayembekezeredwa kukhala mlangizi, ndipo Paul anautenga udindo umenewo n'kuuveka jekete lachikopa. N'chifukwa chake amayi ogulitsa pamsika, amene analibe nazo ntchito za Black Sabbath, ankamudziwa ndi kumukonda. Ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake, ndipo ndikukayika ngati achinyamata ambiri odutsapo amadziwa kuti mwini dzinalo anali ndani.

Ena ndingowatchula kuti mukawafufuze nokha: Keith Mlevhu, amene ankaliza yekha zida zonse pa zimbale zake, The Peace ndi chimbale chawo Black Power, Blackfoot, Five Revolutions, ndi Crossbones, mmene munali Violet Kafula, pa nthawi imene mkazi woimba ndi bandi ankanenedwa zambiri. Chrissy Zebby Tembo nayenso ali ndi chimbale chakechake, My Ancestors, chimene Paul anamulizirapo gitala.

Funso lanu lachiwiri lili ndi yankho lowawa. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975 ndipo sunadzukenso msanga, pamene mkuwawo ndi umene unkabweretsa pafupifupi ndalama zonse zakunja. Mafuta anali atakwera kale kuyambira 1973. Ndalama zakunja zikasowa, nsambo za gitala, zokuzira mawu ndi zipangizo zodindira zimbale zimasowanso, ndipo munthu amene akuima pamzere wa ufa ndi sopo sagula chimbale. Zambia inkasunganso omenyera ufulu wa Zimbabwe ndi South Africa, ndipo asilikali a Rhodesia (Zimbabwe ya lero) atayamba kuponya mabomba m'dziko muno, monga anachitira ku Chikumbi mu 1978, boma linkaletsa kuyenda usiku ndi kulamula kuti magetsi azizimitsidwa. Bandi imadya usiku. Eni mabala anaona kuti kulipira munthu mmodzi woseweretsa zimbale za disco n'kotchipa kusiyana ndi kudyetsa anthu asanu ndi zida zawo. Makaseti okopedwa mwakuba anadzamaliza zotsala. Anthu nawonso makutu awo anasamukira kwa kalindula, kwa a PK Chishala ndi Amayenge, komanso ku rumba ya ku Zaire.

Kenako kunabwera Edzi. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 matendawa anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo, ndipo anthu amene akanakhala akuphunzitsa ana gitala lero, kapena kukamba nkhani zawo pa wailesi, anapita ali anyamata. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Mwa amene anayambitsa WITCH, watsala ndi Jagari yekha, ndipo iyeyo anakhala zaka zambiri akukumba miyala yamtengo wapatali kutchire kuti apeze chodyetsa banja. Inu munabadwa unyolo utaduka kale. Matepi ambiri oyambirira anatayika, ndipo zimbale zimene zinali m'nyumba za anthu zinatha ndi fumbi, dzuwa ndi ana oseweretsa.

Zimene zinapulumuka zinagulidwa ndi osonkhanitsa zimbale akunja. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, inagwirizana ndi Rikki ndi Jagari n'kuyamba kutulutsanso nyimbozi: za Rikki ndi Musi-O-Tunya mu 2010, za WITCH mu 2012, kenako Welcome to Zamrock! mu 2017, zimbale ziwiri zosonkhanitsa magulu ambiri. Mu 2019 kunatuluka filimu yonena za WITCH, ndipo Jagari ndi Patrick Mwondela, amene ankaliza kiyibodi m'nthawi ya disco ija, anayambanso kuyenda m'mayiko ndi oimba achinyamata a ku Ulaya. Mu 2023 anatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Ena amadandaula kuti azungu atilanda chuma chathu. Ine dandaulo langa ndi lina: wailesi zathu zinali ndi zaka zoposa 20 zoti ziziulutsa nyimbozi, koma sizinatero. Komabe si onse a kuno anagona. Sampa the Great anaimba "Never Forget" mu 2022 polemekeza Zamrock, ndipo wagwirapo ntchito ndi WITCH.

Poti zambiri zili pa intaneti tsopano, yambani ndi 45,000 Volts yonse, osati nyimbo imodzi yokha ija, kenako Lazy Bones!!, kenako Africa. Musamvere pa sipika ya foni, chifukwa imadya bezi, ndipo bezi ndi ng'oma ndizo ndakutumani kuti mukamve. Ndipo ngati kunyumba kwa agogo kuli katoni ya zimbale zakale pansi pa bedi, musazitaye kapena kuzigulitsa kwa munthu woyamba kugogoda. Ziimikeni chilili pamalo ozizira, kutali ndi dzuwa, muzipukute ndi kansalu kofewa, ndipo muyambe mwafufuza mtengo wake, pakuti zimbale zoyambirira za Ngozi Family ndi Amanaz osonkhanitsa akunja amazilipira ndalama zambiri.