Kodi ndi "ndikuwerenga" kapena "ndi kuwerenga"?

Aphunzitsi ena a ku Mtunthama, ku Kasungu, alemba kuti iwo ndi anzawo ali ndi gulu pa WhatsApp pomwe amauzana mabuku amene aliyense akuwerenga. Akuti ena amalemba "ndikuwerenga", ena "ndi kuwerenga", enanso "ndili kuwerenga", ndipo mkangano sukutha. Akulondola ndani?

Aphunzitsi, oyamba ndi achitatuwo akulondola. Apakatiwo aphonya.

"Ndikuwerenga" ndi liwu limodzi, mneni. "Ndi-" akuimira ine, "-ku-" akusonyeza kuti ntchitoyo ikuchitika tsopano lino. Sinthani munthu muone: ukuwerenga, akuwerenga, tikuwerenga. Palibe amene amalemba "ti kuwerenga", ndiye "ndi-" timudulirenji? Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti tili ndi "ndi" wina woima payekha, monga m'chiganizo chakuti "Ntchito yake ndi kuwerenga nyuzipepala basi", kapena "kulemba ndi kuwerenga". Pamenepo pokha m'pamene timalekanitsa.

"Ndili kuwerenga" ndiye gwero lake, "ndikuwerenga" n'chidule chabe. M'mabuku akale mupezamo "ndiri kuwerenga", kalembedwe ka nthawi imeneyo. Ngati agogo anu kumudzi amanenabe choncho, mwinanso ndi "ŵ" wa ku Kasungu uja, "kuŵerenga", musawakonze. Chichewa chawo chilibe banga.

Chenjerani ndi "-ma-". Wina akafunsa buku limene mwagwira sabata ino, inu n'kuyankha kuti "ndimawerenga Baibulo", mwanena chizolowezi chanu, funso lija simunaliyankhe. Ndipotu pa foni, pomwe kamvekedwe ka mawu sikaoneka, "ndimawerenga" atha kumvekanso ngati zadzulo. Ngati bukulo lakukanikani kumaliza, "-be" alipo: "ndikuliwerengabe". Mukalimaliza kumene, "ndangolimaliza".

Aphunzitsi omwewa afunsanso kuti mnzawo wina analemba "Nthondo ndi wabwino", wina n'kumukonza kuti "ndi labwino".

Funso limeneli ndalikonda. Nthondo ndi buku la Samuel Josia Ntara lomwe linatuluka mu 1933, komanso ndi dzina la munthu amene nkhaniyo ikukamba. Mukati "ndi wabwino" mukuyamikira munthuyo, ndipo amene anawerenga za unyamata wake akhoza kukutsutsani. Mukati "ndi labwino" mukuyamikira bukulo, chifukwa liwu lakuti buku lili m'maganizo ngakhale simunalitchule. Mutu wa buku ungayambe ndi dzina la gulu lina lililonse, mgwirizano umatsata buku: ndaligula, ndalitaya, latha. Ine ndimakonda kungotchuliratu kuti "buku la Nthondo", nkhani ithere pomwepo.

Buku lili m'gulu la Li-Ma: buku ili, mabuku awa, buku langa. "Buku yanga" ndimamva m'misika ndi m'maminibasi, koma mwana asalembe zimenezo pa mayeso a MANEB. Nanga "bukhu"? Ambiri amatchula choncho, sindiwaletsa. Polemba, ine ndimatsata "buku", monga zilili pa chikuto cha Buku Lopatulika la mu 1922 ndi Buku Loyera la mu 1998.

Mayi wina wa ku Kamwendo, ku Mchinji, akuti mwana wake anabwera kuchokera kusukulu n'kunena kuti "ndakongola buku kulaibulale". Iwo anaseka, koma analephera kumufotokozera cholakwika.

Mayi, munaseka m'malo mwake. Timakongola ndalama, kapena chinthu chimene tikachigwiritsa ntchito chimatha, n'kudzabweza china cholowa m'malo mwake, monga thumba la feteleza lolipira fodya akagulitsidwa. Timabwereka chinthu chimene tidzabweze chomwecho: khasu, njinga, buku. Mwanayo anene kuti "ndabwereka buku". Akatero ndiye kuti laibulale yamubwereka kapena yamubwereketsa, zonse ziwiri zimamveka, pakuti "kubwereka" amagwira uku ndi uku. N'chifukwa chake timati "ndibwerekeniko buku lanulo" popempha, osawonjezera kanthu. Koma mwana akataya bukulo, sukulu n'kulamula kuti alipire, pamenepo ndiye mawu akuti ngongole alowa, ndipo woilipira ndinu mayi.