Shock ikachucha oyilo, kuthiramo wina sikokwanira

Achimwene, mwati shock yakumbuyo ya njinga yanu yamoto yayamba kuchucha oyilo, njingayo ikumajowajowa ikangoponda bampu, ndiye mukufunsa ngati mungathiremo wina nokha komanso kuti oyilo wake ndi uti. Ndaona wina wakuuzani kale kuti mungoboola kabowo, muthire oyilo wa injini ndi jakisoni, mutseke ndi bawuti. Malangizo amenewo asiyeni kaye pambali.

Oyilo wa mu shock sapsa ngati wa mu injini. Amakhala motsekeredwa, alibe kolowera. Mukamuona kunja ndiye kuti seal, karabala kotchinga oyilo, yatha, ndipo kawirikawiri chimene chaidya ndi shaft, kachitsulo konyezimira kolowa ndi kutuluka kaja. Kapukuteni bwinobwino, muyendetsepo chikhadabo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Chikhadabo chikakodwa penapake, kaya pa dzimbiri kaya pamene mwala unagomola chrome, dziwani kuti seal yatsopano nayo ikang'ambika pomwepo pasanathe milungu ingapo. Pamenepo nkhani si ya oyilo ayi, ndi ya shaft yatsopano kapena shock ina.

Chachiwiri, onani ngati yanuyo imatsegulika n'komwe. Njinga zambiri zing'onozing'ono, makamaka za ma shock awiri kumbuyo, zimabwera ndi shock imene anaipinda kukamwa kapena kuiwotcherera ku fakitale. Imeneyo sanaipangire kukonzedwa. Alipo amakaniko aluso amene amaidula n'kuisokanso, koma kunena zoona ntchito yake imaposa phindu, ndipo ine ndingakuuzeni kuti gulani ziwiri zatsopano, musinthe mbali zonse nthawi imodzi. Ina ya mtundu womwewu imakhala ndi gasi wopanikizidwa m'kati ngakhale kunja sikuoneka valavu iliyonse. Kuiboola ndi drill n'kudziputira ngozi, oyilo ndi tizitsulo zimakuthirani m'maso.

Yotsegulika mudzaidziwa ndi kabotolo kam'mbali, kapena kolumikizidwa ndi payipi, kokhala ndi valavu ngati ya tayala kapena karabala kobaya ndi singano. M'kabotolomo muli nitrogen, ndipo imalekanitsidwa ndi oyilo ndi chikhodzodzo cha rabala kapena kapisitoni koyandama. Ngati yanu ndi yotere, tiyeni tipitirire.

Musanamasule chilichonse, yezani kutalika kwa sipuling'i ili pomwepo, mulembe papepala. Werenganinso ma click a tizomangira ta rebound (kabwereredwe ka shock) ndi compression (katsikidwe kake) potseka mpaka kumapeto, mulembe, kenako mutsegule tonse. Chotsani sipuling'i. Pa ma shock ena mumangomasula ma ring awiri ogwira sipuling'iyo, pa ena pamafunika chopanira sipuling'i, ndipo musayese kugwiritsa ntchito zingwe kapena waya. Mukatero tulutsani gasi yense. Apa ndibwereze: yense. Muli mphamvu ya pakati pa 10 ndi 12 bar, pafupifupi 150 mpaka 175 psi, kuposa kanayi mpweya wa m'tayala lanu. Valavu iloze kutali ndi nkhope. Ngati potuluka gasi patulukanso oyilo, chikhodzodzo chaphulika, onjezani pa zogula.

Gwirani shock mu vayisi pa diso la bawuti, osati pathupi pake, chifukwa mukapinda thupilo pang'ono pokha pisitoni siyendanso bwino. Kankhirani chitsekero cha kabotolo m'kati, muona kawaya kozungulira, circlip, kachotseni, ndiye chitsekero ndi chikhodzodzo zituluka. Kuthupi nakonso n'chimodzimodzi: gogodani kachipewa kakunja, kanikizani seal head, chitsekero chokhala ndi seal, kuti itsike, chotsani circlip, kokani shaft pang'onopang'ono. Oyilo amene atuluke akuuzani mbiri yonse. Wakuda wonunkha ngati wapsa wangokalamba. Wotuwa ngati phulusa ndiye kuti aluminiyamu wa m'kati wakhala akudyeka.

Kuti seal ituluke pamafunika kumasula nati ya kumapeto kwa shaft, ndipo ambiri amalakwitsa pano. Pa ma shock ochuluka a ku fakitale nsonga ya shaft anaiphwanyira pa natiyo kuti isamasuke. Muyenera kupala pang'ono ndi fayilo m'mphepete mokha, osafika pakati, chifukwa pa ena m'katimo muli kachitsulo kogwira singano ya rebound. Pansi pa nati pali pisitoni ndi timawashala topyapyala tambirimbiri, ma shim. Timeneti ndi timene timapindika kuti oyilo adutse, ndipo kasanjidwe kake ndiye khalidwe lonse la shock yanu. Ine ulendo woyamba ndinangotikhuthulira m'mbale, ndikuti ndikumbukira. Ndinakhala madzulo onse ndikuyeza kamodzikamodzi, ndipo mpaka lero sindikhulupirira kuti ndinatibwezera bwino. Tsopano ndimatsetsereza tonse pa sikuludilaiva momwe tatulukira, ndimange ndi kawaya.

Sinthani seal, dust seal, bush ya mu seal head, ma O-ring ndi chirabala choletsa kugunda chija ngati chafumbutuka. Povalika seal head, kulungani mazinga a shaft ndi tepi, mupake oyilo, kuti mlomo wa seal usachekeke. Nati ibwerere ndi mankhwala omata mazinga, pa torque (mphamvu yomangira) ya m'buku la njinga yanu.

Tsopano funso lanu la oyilo. Wa injini ayi, ndi wolemera kwambiri ndipo amasintha kwambiri akatentha. Wa ma fork akutsogolo nayenso nthawi zambiri ndi wolemererapo. Funani wolembedwa kuti ndi wa shock, wopepuka, wa 2.5W mpaka 5W. Shock yakumbuyo imatentha koopsa, ili ndi oyilo wochepa, ndipo zambiri zimakhala pafupi ndi injini ndi ekizozi, ndiye imafuna oyilo wosasungunuka ngati madzi akatentha. Nambala ya W musaikhulupirire kwambiri, 5W ya kampani ina imasiyana ndi 5W ya inzake. Ngati pabotolo alemba cSt (muyeso wa kulemera kwa oyilo) pa 40°C, yerekezani imeneyo.

Mulingo wake si wa mamililita ngati m'ma fork. Mumadzaza mpaka mpweya wonse utatuluka, ndipo ntchito yonse yagona pamenepa. Thirani oyilo m'kabotolo, lowetsani chikhodzodzo mpaka oyilo asefukire, bwezerani circlip, mupope kampweya pang'ono, ngati 40 psi, kuti chikhodzodzocho chifufume. Dzazani thupi, lowetsani pisitoni mosathamanga. Kankhani pansi mwamphamvu, kokani m'mwamba pang'onopang'ono, osalola kuti mabowo a pisitoni atulukire pamwamba pa oyilo, apo ayi mwayamwitsanso mpweya. Gogodani shaft ndi hamala ya rabala kuti ma shim atseguke, muona timathovu tikukwera. Dikirani, bwerezani. Zikhoza kukudyerani theka la ola, musatope nazo. Thovu likatha, tsitsani seal head ikhudze oyilo, muziikankha uku mukutulutsa kampweya kaja mpaka malo a circlip aonekere. Bwezerani circlip, kenako mudzazenso gasi m'kabotolo.

Shock yotsalira mpweya imamveka kufwefwenthera, ndipo poyambira imayenda yopanda mphamvu isanagwire. Gasi uja ntchito yake ndi kupanikiza oyilo kuti asachite thovu pisitoni ikamathamanga, komanso kupereka malo shaft ikamalowa. Nitrogen amaikonda chifukwa ndi youma. Mpweya wamba uli ndi nitrogen 78 peresenti kale, moti pampu ya shock ikhoza kukuthandizani poyesa ngati sikuchucha, koma wa kompuresa umabwera ndi chinyezi. Oxygen ya owotcherera zitsulo musayerekeze n'komwe, ikakumana ndi oyilo pa mphamvu yotere imaphulika. Musayezenso ndi geji ya matayala mukamaliza, kabotoloko n'kakang'ono, kungokhudza valavu mwataya gasi wambiri.

Musanabwezere sipuling'i, kanikizani shaft mpaka pansi. Iyende mosalala ndipo ibwerere yokha mpaka kumapeto. Ikatsala panjira kapena ikamakodwa, tsegulaninso. Poti shock ili kunja kale, gwedezani swingarm, chitsulo chogwira tayala lakumbuyo, ndi ma linkage olumikiza shock, chifukwa ma bearing ouma amachititsa njinga kugunda ngati shock yafa pamene vuto lili kwina.

Titumizireni chithunzi cha shock yonse ndi china chapafupi cha shaft, tione ngati ndi yotsegulika musanagule kalikonse.