Mwana wosaona angathe kujambula nyimbo pa kompyuta popanda mawusi

Mayi wina wa ku Namwera wandilembera za mwana wake wamwamuna yemwe ali Folomu 3. Mnyamatayu anasiya kuona ali ndi zaka 7, amaimba kiyibodi mu kwaya ya kumpingo kwawo, ndipo mtima wake uli pa ntchito yojambula nyimbo. Atapita naye ku situdiyo ina pa boma la Mangochi, mwini wake anawauza kuti ntchitoyi imafuna maso chifukwa zonse zimayendera mawusi. Mayiwa akufunsa ngati kuli bwino amugwetse mphwayi kusanade, kuopa kuti angadzakhumudwe atakula.

Mayi, musamuletse. Mwini situdiyoyo ananena zoona pa pulogalamu imene iye amagwiritsa ntchito, pakuti ena mwa mapulogalamu ofala m'masitudiyo ang'onoang'ono, monga FL Studio, amaonetsa zinthu zambiri ngati zithunzi zimene kompyuta singamuwerengere munthu wosaona. Koma alipo mapulogalamu ena omwe pafupifupi chilichonse chimene mawusi imachita chilinso ndi batani lake pa kiyibodi ya kompyuta, ndipo ntchito ya mwana wanu ndi kuloweza mabatani amenewo mpaka zala zizipita zokha, monga momwe zimapitira pa kiyibodi yoimbira ija Lamulungu m'mawa.

Choyamba ndi pulogalamu yomuwerengera mokweza zimene zili pa sikirini. Ndikulangizani NVDA, yomwe inayamba mu 2006 ku Australia ndipo amene anaipanga, Michael Curran ndi James Teh, onse ndi osaona. Ndi yaulere, imayenda pa Windows, ndipo ikhoza kuikidwa pa fulashi kuti mwana aziyenda nayo m'thumba n'kuilumikiza pa kompyuta iliyonse ya Windows. Ilipo inanso yotchedwa JAWS, koma ndi yogula ndipo mtengo wake ndi wolemetsa banja wamba. NVDA ili ndi batani lake lalikulu, lomwe limakhala Insert kapena Caps Lock malinga ndi mmene mwasankhira. Mwana akadina batani limeneli pamodzi ndi 1, kompyuta imalowa m'gawo lophunzirira: batani lililonse limene angadine limangotchulidwa dzina popanda kuchita kanthu, kotero kuti akhoza kuyendera kiyibodi yonse mopanda mantha oti afufuta chinachake. Batani la NVDA ndi T limamuuza pulogalamu imene alimo, ndipo Ctrl imadula mawu a NVDA pomwepo pamene akufuna kumvetsera nyimbo.

Asanafike pa nyimbo, aphunzire kutayipa ndi zala zonse. Pa F ndi pa J pali timizere totumphuka tomwe timauza zala za mkombaphala kuti zili pamalo ake, ndipo iye amene wazolowera kuwerenga Braille sachedwa kutipeza.

Poyambira pabwino ndi Audacity, pulogalamu yojambulira mawu yomwenso ndi yaulere. R imayambitsa kujambula, Space imaseweretsa kapena kuimitsa, mivi ya m'mwamba ndi ya m'munsi imamusamutsa kuchoka pa thiraki ina (mzere womwe mumajambulapo mawu a woimba mmodzi kapena chida chimodzi) kupita pa ina, ndipo Ctrl ndi Z imabweza chimene walakwitsa. Apa akhalepo miyezi ingapo, akujambula mawu a azibale ake ndi kudula pomwe munthu anatsokomola.

Kumene ndikufuna adzafike ndi pa REAPER, pulogalamu ya kampani ya Cockos imene anthu ambiri osaona padziko amajambulira nayo nyimbo zogulitsa. Munthu amaloledwa kuiyesa kwa masiku 60, ndipo chilolezo cha munthu payekha kapena kabizinesi kakang'ono ndi madola 60 a ku America. Payokha REAPER siyankhula mokwanira, n'chifukwa chake James Teh yemwe uja anapanga chowonjezera chaulere chotchedwa OSARA, chomwe chimachititsa kuti NVDA izinena dzina la thiraki, malo amene mwafika mu nyimbo, ndi chilichonse chimene mwasintha. Pochiika chimafunsa ngati mukufuna chisinthe dongosolo la mabatani kuti likhale la OSARA. Muvomere, apo ayi zimene ndikufotokozazi sizigwira.

Tiyerekeze kuti kwaya yabwera kudzajambula nyimbo imodzi. Mwana adina Ctrl ndi T, thiraki yatsopano yabadwa. Adina F2 n'kuilemba dzina loti "besi". F7 imaikonzekeretsa kulandira mawu ochokera pa maikolofoni, R imayamba kujambula, Space imaimitsa. Akamaliza mawu onse anayi, amakwera ndi kutsika ndi mivi, NVDA ikutchula dzina la thiraki iliyonse. Akamva kuti penapake pakusemphana, F6 imasiya thiraki imodzi yokha kuti imveke, F5 imatseka pakamwa thiraki imene akuikayikira. Page Up ndi Page Down zimamuyendetsa chigawo ndi chigawo cha nyimbo, ndipo mabulaketi awiri aja oyandikana ndi P amaika chiyambi ndi mathero a mbali imene akufuna kukonza. Akaiwala ntchito ya batani lina adine F12, yomwe imachititsa kuti mabatani azinena ntchito zawo popanda kuzichita, ndipo F4 imatsegula mndandanda wa malamulo onse momwe angasakemo polemba liwu limodzi. Chenjezo langa ndi lakuti maphunziro ambiri a pa YouTube amapangidwa ndi anthu oona omwe alibe OSARA, choncho akamva mphunzitsi akuti kujambula ndi Ctrl ndi R, asasokonezeke. Kwa iye ndi R yokha.

Pali zovuta ziwiri zimene zimagwetsa ulesi ophunzira ambiri m'sabata yoyamba, ndipo ndikufuna muzidziwiretu. Ndinakhalapo pambali pa wophunzira wina amene anadina batani limodzi la mzere wa F pa laputopu, ndipo m'malo motseka thiraki, laputopuyo inatseka mawu onse, NVDA n'kukhala chete. Anakhala duu manja ali m'mwamba, akuganiza kuti wawononga makina obwereka. Chifukwa chake n'chakuti pa malaputopu ambiri mzere wa pamwambawo unapatsidwa ntchito yokweza mawu ndi kuwala, ndipo kuti ugwire ngati F5 kapena F7 umafuna kudina pamodzi ndi batani la Fn. Njira yachidule ndi kugula kiyibodi yapadera yolumikiza pa USB, yomwe mabatani ake a F amakhala m'magulu a anayianayi osavuta kuwapapasa, ndiponso kudontheza kaguluu pa F5 ndi F12 kuti chala chizimva.

Vuto lachiwiri ndi la makutu. Mawu a NVDA ndi nyimbo zimatulukira malo amodzi, ndipo ngati akugwiritsa ntchito masipika, maikolofoni idzajambula NVDA pamodzi ndi oimba. Avale mahedifoni nthawi zonse pojambula. Komanso dalaivala ya mawu (kapulogalamu kolumikiza kompyuta ndi zipangizo za mawu) yotchedwa ASIO, imene ojambula nyimbo amaikonda chifukwa sichedwetsa mawu, nthawi zina imalanda makina onse a mawu n'kusiya NVDA yopanda potulukira. Mankhwala ake ndi kupatsa NVDA njira yakeyake, mwachitsanzo kachipangizo kakang'ono ka mawu ka pa USB, pamene nyimbo ikudutsa pa chipangizo chachikulu. Ndipo poti magetsi kwathu kuno sachenjeza akamathima, Ctrl ndi S, yosungira ntchito, ikhale chizolowezi pakatha kusintha kulikonse.

Ngati adzafune kulembera kwaya manoti, pulogalamu ya MuseScore ndi yaulere ndipo imagwirizana ndi NVDA: N imatsegula kulemba, zilembo A mpaka G ndiwo manotiwo, manambala amasankha kutalika kwake, ndipo 0 ndi popumira.

Tsopano ndilankhule ndi iwe mwanawe, pakuti ndikudziwa kuti amayi akuwerengera zimenezi. Usatayirire sukulu chifukwa cha situdiyo. Mamenyu a mapulogalamuwa ndi malangizo ake zili m'Chingerezi, ndipo popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE sutenga. Ukakhoza bwino, Yunivesite ya Malawi ku Zomba imaphunzitsa zoimbaimba, ndipo ku Lilongwe kuli sukulu ya zoimbaimba ya Music Crossroads. Ntchito yake sithera pa kujambula makwaya: wailesi monga Dzimwe ndi Radio Maria Malawi, zomwe zili m'boma lathu lomwe lino, zimaulutsa mapulogalamu ndi mauthenga amalonda omwe amadulidwa ndi kusakanizidwa pa kompyuta, ndipo luso lake ndi lomweli. Nyimbo zako zomwe udzapeke ukazilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso.

Mayi, pa tchuthi chikubwerachi funsani aphunzitsi a zamaphunziro apadera a pasukulu pake, kapena a bungwe la Malawi Union of the Blind, kuti akulozereni munthu wosaona amene amagwiritsa kale ntchito NVDA, chifukwa ola limodzi ndi munthu wotere limaposa sabata ya kudziphunzitsa yekha. Kenako ikani NVDA, REAPER ndi OSARA pa fulashi imodzi, popeza zonse zimalola kuikidwa motero popanda kusokoneza mabatani a mwini kompyuta, ndipo mubwerere naye ku situdiyo ija mukapemphe kuti mwana akhale pampando kwa theka la ola, ajambule vesi imodzi ya nyimbo ya kwaya yawo.